Mfundo Yofiira Mumpendero

Mutu 6

1. Buku lopanda chikuto

Dzina loti Kalumo anam'patsa ndi makasitomala a amayi ake. Amayiwo anali telala, ndipo ntchito ya mtsikanayu akaweruka kusukulu inali yopasula misoko ndi lumo. Diresi likathina, buluku likafuna kubwezedwa m'chiuno, ankangoliponya pamiyendo pake. Iye ankadula ulusi wokhawokha osakanda nsalu. Amayi ake ankati pa zaka makumi awiri za usoki sanaonepo dzanja lodekha chotero.

Bukulo analipeza mulaibulale ya pasukulu, pashelefu yapansi, chikuto chitathothoka kale. Munali nkhani zinayi, zonse za mtsikana mmodzi wa msinkhu wake. Mtsikanayo ankakhala mumzinda wopachikidwa pamaunyolo pamwamba pa phompho, kumene mafumu ankayenda pamsana pa mbalame zachitsulo. Ntchito yake inali yopha anthu akatumidwa.

Sankathyola zitseko ayi. Ankalowa m'nyumba ngati wantchito, n'kumasesa ndi kutunga madzi, mpaka atadziwa chinthu chomwe mwini nyumba amabisa. Akachidziwa, ankamulasa pomwepo. Pochoka ankasiya mfundo ya ulusi wofiira pachovala cha wakufayo.

Nkhani yoyamba Kalumo anaiwerenga pa nthawi yopuma, n'kuiwala kudya. Yachiwiri anaiwerengera kushopu, buku atalibisa pansi pa siketi ya kasitomala. Yachitatu anaibwereza kawiri.

Panali masamba ena omwe sankawawerenga. Mtsikana uja akapha munthu, ankapita pachitsime kukasamba m'manja, n'kusanza, n'kulira masamba atatu athunthu.

“Zachibwana,” ankatero Kalumo, n'kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuwalumpha.

Nkhani yachinayi inamukwiyitsa. Masamba khumi anatha popanda wakufa. Mtsikana uja ankangotungira madzi nkhalamba ina yosaona. Kalumo anapinda kona ya tsamba n'kutseka buku.

2. Wachiwiri

Pa benchi ya Kalumo pankakhala mtsikana wina wofatsa yemwe ana ankamutcha Kolala. Ankamanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kumasewera sankapita. Ena ankati ndi matama, ena ankati ndi pemphero. Iye ankangomwetulira.

Chaka chilichonse, pa tsiku lopereka mphoto, wophunzira mmodzi ankawerenga chimangirizo chake pamaso pa makolo ndi alendo. Chaka chimenecho aphunzitsi anasankha cha Kolala. Cha Kalumo chinakhala chachiwiri.

“Iwe ukhale wokonzeka,” anatero aphunzitsi, “mwina mnzakoyu n'kudwala.”

“Ndiye kuti ine ndi tayala lapadera?” anafunsa Kalumo. Kalasi yonse inaseka.

Poweruka Kolala anamutsatira. “Achemwali, musakwiye. Chanu chija chinali chabwino kwambiri. Ine ndikaima pagulu miyendo imanjenjemera. Simungandithandize kuyeseza?”

Kalumo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pabatani lapakhosi. Kenako anamwetulira.

“Ndikuthandiza. Bweretsa chikwamacho ndikunyamulire.”

Sabata yonse anamunyamulira chikwama, kum'tungira madzi akumwa pampopi, ndi kukhala naye muholo akamayeseza. Anaona zonse. Wowerenga ankakwera pansanja, n'kutembenuka kufulatira anthu, n'kuwerama kupereka moni kwa mlendo wolemekezeka yemwe amakhala kumbuyo kwa nsanjayo. Akatero m'pamene ankacheukira gulu n'kuyamba kuwerenga.

3. Mawu a a Chete

Woyang'anira laibulale anali bambo wachikulire, wodonha mapewa. Ana ankawatcha a Chete chifukwa mawu amenewo ndi omwe ankatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa. Kalumo anapita kwa iwo kukapempha kuti asunge bukulo sabata ina.

“Wamaliza?” anafunsa a Chete.

“Zitatu. Yachinayi ija njogonetsa tulo. Koma mwana uja ndi dolo, aphunzitsi! Palibe yemwe amamupondereza. Munthu akangomuderera, mawa maliro.”

“Nanga pachitsime paja unawerengapo?”

“Polira paja? Wolembayo anangofuna kuchulutsa masamba.”

A Chete anavula magalasi n'kuwaika pakaundula.

“Khala pansi, mwana wanga. Buku ili ndaliwerenga, ndipo sindikuletsa. Buku si mfiti. Koma kawerengedwe kako n'komwe kakundiopsa. Iwe ukudya ngati mwana wochokera kusukulu ndi njala, wotola nyama yokha n'kusiya zina zonse m'mbale. Wolemba uja sanali chitsiru poika chitsime chija. Anadziwa kuti kudzabwera ana onga iwe, okonda kuona mpeni ukulowa koma osafuna kuona yemwe akukolopa magazi.

“Ine ndagwira ntchito ndi ana zaka zambiri. Ndaonapo ana akusakazana popanda mpeni. Kamwa lokha, kapepala kokha, kuseka kokha. Wina anasiya sukulu chifukwa cha dzina lomwe anzake anam'patsa tsiku limodzi. Omwe anam'patsawo anaiwala sabata yomweyo. Iye lero ndi mayi wa ana atatu, koma akakumana nane pamsewu amawolokera tsidya lina. M'buku wakufa amatha ndi tsamba. Kunja kuno amadzuka m'mawa, n'kusamba, n'kudzakhala nawe benchi imodzi.

“Chaka chino bukuli alibwereka anthu awiri okha. Winayo analimaliza lonse, ndipo polibweza anakhala pampando womwewo osayankhula mpaka belu linalira. Iwe ukulibweretsa ukuseka. Kamalize nkhani yachinayiyo. Ukatero ubwere tidzakambe.”

“Ndamva, aphunzitsi,” anatero Kalumo.

Sanafunse kuti winayo anali ndani. Atangotuluka anatsanzira mawu a a Chete am'mphuno aja, anzake n'kumagwa nako kuseka.

4. Kuseri kwa katani

Loweruka amayi a Kolala anabwera kushopu ndi mwana wawo, atanyamula nsalu yobiriwira. Shopuyo inali chipinda chimodzi: makina osokera pafupi ndi windo, tebulo lodulira nsalu, galasi long'aluka pakona, ndi katani yamaluwa yotchinga poyezera anthu.

“Tikufuna diresi la tsiku lija,” anatero amayi a Kolala. “Koma lotseka mpaka m'khosi.” Anazengereza, akuyang'ana Kalumo. “Mwanayu sangatuluke kaye?”

“Ameneyu ndiye amalemba miyezo, maso angawa sakuonanso manambala,” anayankha amayi a Kalumo. “Musaope. Ndi mwana wa m'nyumba ya telala.”

“Ndi mnzanga, amayi,” anatero Kolala motsitsa mawu. “Asatuluke.”

Analowa kuseri kwa katani. Kolala anamasula mabatani n'kutembenukira kukhoma. Kuyambira pakhosi mpaka pakati pa msana panali chipsera chachikulu, khungu lokwinyikakwinyika, pena loyera pena lofiirira, ngati pulasitiki yomwe yayandikira moto.

“Anali ndi zaka zinayi,” anatero amayi ake. “Ndinatereka madzi, n'kutuluka kukaanula zovala. Kamphindi chabe. Kusukulu kwake koyamba anachiona, ndipo tinachita kumusamutsa. Kuno palibe akudziwa.”

Amayi a Kalumo sananene kuti pepani. Anangokulunga tepi pamapewa n'kumatchula manambala, Kalumo n'kumalemba.

“Malaya am'kati amakuyabwa kukatentha, eti?” amayi a Kalumo anafunsa Kolala. “Ndikuikira nsalu yofewa m'kati mwa diresi momwemo. Suvalanso china. Uima bwinobwino ngati mwana wa bwana.”

Alendowo atapita, amayi anaimitsa makina.

“Iwe, tandiyang'ana. Wachiona chija?”

“Ee.”

“Sunachione. Ukumva? Katani iyi ili ndi lamulo lake, ndipo ndinalilandira kwa amene anandiphunzitsa kusoka. Munthu kwa dokotala amavula chifukwa akumva kuwawa. Kwa telala amavula chifukwa wakukhulupirira. Kuseri uku ndaona mimba zomwe eni ake anali asanauze amuna awo. Ndaona mikwingwirima ya malamba pamisana ya akazi omwe amaseka pamsewu. Ndaona mayi wa bere limodzi, ndipo ndinamusokera kathumba ka thonje zaka zisanu ndi ziwiri mpaka anamwalira, apongozi ake osadziwa. Unamvapo ndikutchula dzina?

“Anthu amadutsa matelala anayi kuti afike pano. Si kuti makina anga ndi atsopano. Amabwera chifukwa chomwe chalowa kuseri uku sichituluka, ndipo msoko wanga suchititsa munthu manyazi pagulu. Zinthu ziwiri zimenezi ndiye munda wathu. Ukadzaulula za kuseri kwa katani, usadzati wangolakwira mnzako. Udzakhala watentha nyumba yomwe ukugonamo. Choipa chitsata mwini, mwana iwe, ndipo sichisochera.”

“Ndamva, amayi. Ine sindinena kanthu.”

Ndipo sananenedi kanthu kwa munthu aliyense.

5. Ntchito ya lumo

Diresi linatha Lachinayi masana. Linali lokongola, lothina bwino m'mapewa, la msoko umodzi wautali wotsika pakati pa msana. Amayi analiyang'ana pawindo, n'kukoka msokowo ndi manja awiri. Sunasunthe.

“Ulisite, ulipinde. Ine ndikagule zipi.”

Kalumo anadikira mpaka phokoso la masilipasi awo litazimirira. Anatembenuza diresi kunja kukhala m'kati n'kutenga lumo lake.

Sanapasule msoko wonse. Mwana aliyense akanatha kutero, ndipo zikanaoneka. Iye ankalumpha malo atatu omwe singano inalasa, n'kudula ulusi wapansi pamalo achinayi. Atatu, dula. Atatu, dula. Anayambira pansi pa kolala mpaka pakati pa msana. Anachita chimodzimodzi ndi nsalu yofewa yam'kati ija. Msoko wotero umagwira munthu akavala, umagwira akamayenda. Umadikira kuti awerame.

Anausita ndi simbi yotentha mpaka unagona bwinobwino. Kenako anatenga ulusi wofiira pashelefu, n'kumanga kamfundo kakang'ono m'kati mwa mpendero, poti munthu sangaone msanga.

Madzulo Kolala anabwera kudzalitenga. Analiyesa kuseri kwa katani n'kutuluka akuzungulira pagalasi.

“Achemwali, ndikuoneka bwanji?”

“Mawa anthu sakuiwala,” anatero Kalumo.

6. Tsiku lopereka mphoto

Holo inadzaza. Ophunzira anakhala kutsogolo, makolo kumbuyo. Amayi a Kalumo anatseka shopu n'kubwera, ati akaone diresi lawo likuyenda. Anakhala pakati pa amayi anzawo, ndipo Kolala atadzuka anagwedeza wapafupi ndi chigongono.

“Dzanja langa limenelo.”

Kolala anakwera masitepe atatu, pepala lili m'manja. Anatembenuka kufulatira anthu. Anatambasula manja onse awiri kwa mlendo wolemekezeka, n'kuwerama.

Phwee!

Msoko unatseguka kuyambira pakhosi mpaka pakati pa msana, ngati nyemba youma padzuwa. Chipsera chonse chinaonekera.

Holo inati zii. Kenako kumbuyo kwa ophunzira wina anakuwa: “Mayo, nyama yootcha!”

Kuseka kunaphulika. Ena anakwera pamabenchi kuti aone bwino. Ena ankaimba mluzu. Mtsikana wina anachita ngati akusanza, anzake n'kumamuwomba pamsana. Aphunzitsi ankakuwa kuti chete, koma mawu awo ankamira.

Kolala sanalire. Anayesa kugwira nsalu kumbuyo ndi dzanja limodzi, koma inkapulumuka. Anatembenuka kuti abise msana, n'kupezeka kuti wayang'anizana ndi nkhope mazana anayi. Maso ake anayenda pamzere woyamba mpaka anapeza Kalumo. Anamuyang'ana pang'ono chabe. Amayi a Kolala anafika akuthamanga, nsapato imodzi itatsala panjira, n'kumufunditsa mpango wawo. Anatuluka naye pakhomo lam'mbali. Pepala lija linatsala pansanja, mlendo n'kulitola, n'kusowa womupatsa.

Aphunzitsi aakulu anagogoda tebulo. “Mwambo upitirire. Wachiwiri uja ali kuti?”

Kalumo anakwera masitepe atatu aja. Anawerama, msoko wake osasuntha. Anawerenga mokweza, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo anthu anaomba m'manja kwambiri. Anam'patsa dikishonale yokutidwa ndi pepala lonyezimira.

Ali pansanjapo ankaona kumbuyo kwa holo. Amayi omwe anakhala pafupi ndi amayi ake anali atasendera uku ndi uku. Panali malo a munthu mmodzi kumanja, a munthu mmodzi kumanzere. Pakhomo panaima a Chete. Iwo okha ndiwo sanaombe m'manja.

7. Diresi libwerera

M'mawa mwake shopu inatsegulidwa nthawi yake. Pofika 10 koloko anthu atatu anali atabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka.

“Si kuti takwiya ayi,” anatero wachitatu, mayi wogulitsa mankhwala atsitsi, akupinda nsalu ya ukwati wa mng'ono wake. “Koma ukalamba sunama, anzanga. Maso akatha, pumani. Lero ndi msana wa mwana, mawa likhala thako la mkwatibwi.”

Amayi a Kalumo anangoti, “Yendani bwino.” Anakhala pamakina osapalasa. Kalumo anali pakona ndi lumo lake, akupasula buluku lomwe silinkafunika kupasula. Buku lija linali m'chikwama chake cha sukulu, kona ya tsamba idakali chipindire.

Masana amayi a Kolala analowa osaodira. Maso anali otupa. Anaponya diresi patebulo lodulira nsalu.

“Munati msoko wanu suchititsa manyazi.”

“Ndinatero.”

“Mwana wanga sanadye chichokereni kuholo kuja. Wadzitsekera. Ana a pamsewu pathu aima pampanda akuimba za nyama yootcha. Akuti sukulu imeneyo sadzapondakonso, ndipo ine ndilibe kwina komusamutsira. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikubisa kulakwa kwanga, inu mwakuyanika tsiku limodzi.”

Amayi a Kalumo anatsika pampando n'kugwada pasimenti, mawondo akulira.

“Ndalakwa ndine, mayi. Maso angawa andinamiza. Mwina ulusi unali wofumbwa, ine osaona. Mundikhululukire.”

Kalumo sanadzutse mutu. Lumo linkangoyenda.

“Dzukani, kugwada sikusoka kanthu,” anatero amayi a Kolala. Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi. “Chinthu chimodzi chokha n'chomwe wayankhula. Anapempha diresili, n'kulitembenuza, n'kumafufuza mumpendero ngati wataya ndolo. Kenako wandipatsira aka pansi pa chitseko, ati ndipatse mnzakeyu. Ine sindikudziwa kuti n'chiyani.”

Anakaika patebulo n'kutuluka.

Kalumo anatambasula dzanja, koma amayi ake anayamba ndiwo kukatola. Anakafunyulula. M'katimo munagwa kamfundo ka ulusi wofiira, kodulidwa bwino pamodzi ndi kansalu kobiriwira. Anakayang'ana, n'kuyang'ana pashelefu pomwe panali ulusi wofiira wa mtundu womwewo.

“Pali mawu apa. Maso anga aja akuti atha. Werenga.”

Kalumo analandira kapepalako. Kanali ndi mzere umodzi, m'zilembo zozungulira zomwe ankaziona tsiku lililonse pabenchi.

“Werenga mokweza, ngati dzulo.”

“Akuti...” Anayang'ananso mzerewo. “Akuti, ‘Achemwali, ine ndinawerenga mpaka nkhani yachinayi.’”

Amayi sanafunse tanthauzo lake. Anatenga diresi, n'kulitembenuza, n'kupita nalo pawindo. Anayendetsa chala pamsoko pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga. Atatu. Atatu. Atatu. Ulusi wofumbwa suduka mowerenga.

Anaika diresi pansi. Anakoka katani yamaluwa ija mpaka kumapeto kwa waya wake.

“Tseka chitseko,” anatero. “Ubwere nalo lumolo kuseri kuno. Ndi buku lomwe umabisa m'chikwamacho.”